Mwana wanga sakhala pansi, phala la m'mawa limangothera pachitenje

"Zikomo anamwino. Ndili ndi mwana wamwamuna wa miyezi 11, ndi wachisamba. Amakwawa liwiro ndipo wayamba kuimirira chogwirira mipando. Vuto langa ndi chakudya cha m'mawa. Ndimadzuka 5 koloko kuphika phala chifukwa pofika 7 koloko ndimayenera kukhala ndili pasiteji ya minibasi. Ndikamuyika pamiyendo amadya masipuni atatu kapena anayi, kenako amalanda sipuni, kupotoza khosi, n'kutsetsereka ulendo. Ndimamutsatira ndi mbale nyumba yonse mpaka phala kuzizira. Apongozi anga, amene amatsala naye, akuti ndikumulekerera, ndizimupana pamiyendo n'kumumwetsa phala lamadzimadzi ndi dzanja ngati mmene anawalerera bambo ake. Kusikelo mwezi watha anali ndi makilogalamu 9 ndipo anati ali bwino, koma ine mtima suli m'malo. Akuyamwabe. Kodi mwana wojijirika chonchi akukhuta? Nditani?" Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

Mayi, mtima ukhale pansi. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuyeza ana kusikelo, mwana amene amandiimitsa mutu si uja timachita kulimbana naye anthu awiri kuti alowe m'kabudula wa sikelo, kwinaku akuponya miyendo ndi kukoka buku lake. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja wangoti zii kumbuyo kwa mayi ake, ukamulozetsa cholembera osatambasula n'komwe dzanja. Wanuyu akukuthawani pokwawa, akukwera mipando, ndiye kuti mphamvu ali nazo, ndipo mphamvuzo zikuchokera m'zimene akudya ndi kuyamwa. Makilogalamu 9 pa msinkhu umenewu ndi sikelo yabwino kwa mwana wamwamuna. Komabe nambala ya mwezi umodzi siinena zonse. Tsegulani buku lake muone timadontho timene alangizi a zaumoyo amalemba mwezi ndi mwezi. Ngati mzere wake ukukwera, akukhuta, ngakhale mbale ikubwerera ndi phala.

Zimene akuchitazi zili ndi zifukwa zake. Miyezi itatu yapitayo ankakhala pamene mwamusiya, ndiye sipuni inali chinthu chosangalatsa kuposa zonse. Lero wazindikira kuti kuseri kwa chitseko kuli tsache, pansi pa tebulo pali nsapato za bambo ake. Phala lingapikisane bwanji ndi zimenezo? Chinanso, kakulidwe ka mwana kamayamba kuchedwerapo akamayandikira chaka. M'chaka choyamba mwana amalemera pafupifupi katatu kuyerekeza ndi mmene anabadwira, koma m'chaka chonse chachiwiri amangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu. Thupi likachepetsa liwiro, nayonso njala imachepa. Ndipo kamimba kake n'kakang'ono, sikalowa zoposa kapu imodzi ya tiyi nthawi imodzi. Tsono ngati amayamwa m'bandakucha musanadzuke, monga amachitira ana ambiri ogona ndi amayi awo, pofika 6 koloko theka la kamimbako limakhala lili ndi mkaka kale.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanu yonse. Mwana wotereyu amakupatsani mphindi zochepa ndi masipuni owerengeka. Simungathe kumuwonjezera kudekha, koma mungathe kusintha zimene zili m'sipunimo. Ndimaona amayi ambiri akudandaula kuti mwana wadya masipuni asanu okha, koma ndikafunsa kuti phalalo linali lotani, ndimapeza kuti linali la ufa woyera, lamadzimadzi loti n'kumwera m'kapu, lothira shuga basi. Phala lotere ngakhale atamaliza mbale yonse, chimene chadzaza mimba ndi madzi. Masipuni asanu a phala lolimbirako la mgaiwa lothira nsinjiro ndi kadontho ka mafuta amaposa mbale yodzaza ya phala lamadzi lija. Kuyesa kwake n'kosavuta: tapani phala ndi sipuni n'kuipendeka. Likangoti chuu kutsika ngati thobwa, lachepa mphamvu. Lizikakamira kaye pasipuni, kenako n'kugwa mwa apo ndi apo.

Muyezo umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limapereka, womwenso timaphunzitsa kusikelo, ndi wakuti mwana wa miyezi 9 mpaka 11 azidya katatu kapena kanayi patsiku, pafupifupi theka la kapu ya mamililita 250 nthawi iliyonse, kuphatikizapo tokhwasula kamodzi kapena kawiri, kwinaku akuyamwa. Akakwanitsa chaka muyezo umakwera kufika pa magawo atatu mwa anayi a kapu mpaka kapu yodzaza. Ndakuuzani dala zimenezi chifukwa ndikudziwa mbale zimene timapakuliramo ana. Mayi amadzaza mbale ya munthu wamkulu, mwana n'kudya gawo lake lokwanira bwinobwino, koma poti mbale ikuonekabe yodzaza, mayi n'kumati sanadye. Mawa mudzayeze theka la kapu, mudzathire m'kambale kakekake, mudzaone chimene chitsale. Mwina mudzadabwa.

Tsono tiphike. Ufa ukhale wa mgaiwa, chifukwa ufa woyera zambiri zopatsa thanzi zimatsalira m'madeya ndi m'madzi oviikira mphale. Pa masipuni akuluakulu atatu a mgaiwa thirani sipuni imodzi ya nsinjiro, liwire mpaka fungo la ufa wauwisi litatha, ndipo pophula muthire kasipuni kakang'ono ka mafuta ophikira kapena majarini. Mafuta ophikira ambiri ogulitsidwa m'mabotolo kuno kwathu amakhala othira vitamini A, ndiye kadontho kameneko kamagwira ntchito ziwiri. Mtedza wa nsinjiro muzisankha nokha. Wofota, wakuda mkati kapena wowawa uja ndi wa chuku, ndipo chuku chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi komanso kubweza mwana m'mbuyo pa kakulidwe. Kuwiritsa sikumuchotsa poizoniyo. N'chifukwa chake nsinjiro zogula zosinjasinja kale, zimene simukudziwa kuti anasinja mtedza wotani, ine sindizikhulupirira kwenikweni.

Ngati mungathe, konzani ufa wa phala wa mwezi wonse kamodzi. Likuni Phala amene timamudziwa tonse, yemwe dzina lake linachokera ku Likuni ku Lilongwe, maziko ake ndi chimanga magawo anayi ndi soya gawo limodzi. Mungathe kupanga wanu: kazingani soya mpaka asinthe mtundu ndi kununkhira, mupete makoko, musakanize ndi chimanga pa muyezo umenewo, ulendo wa kuchigayo. Soya wosakazinga amavuta kugayika m'mimba mwa mwana ndipo fungo lake ana ambiri amalikana. Pambali sungani kabotolo ka ufa wa usipa kapena bonya: kazingani pang'ono, sinjani ndi mitu yomwe, sefani kuti minga isatsale. Kasipuni kamodzi m'phala n'kokwanira. Ndikudziwa kuti akuluakulu timachita tsinya tikamva za phala la usipa m'mawa, koma mwana sanaphunzire kuti nsomba ndi ndiwo za nsima basi. Ambiri amalikonda kuposa la shuga.

Ndikulimbikira za nsomba, dzira ndi chiwindi chifukwa cha magazi. Mwana amabadwa ndi nkhokwe yake ya ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, imene imayamba kutha akamafika miyezi 6, ndipo mkaka wa m'mawere, ngakhale uli wabwino chotere, uli ndi ayironi wochepa. Phala la chimanga chokha silingatseke mpata umenewo. Dzira ndi losavuta kwa munthu wothamangira minibasi: liswereni m'phala likuwira n'kutakasa mpaka lipse, kapena liwiritseni mpaka liume mkati n'kulinyenya. Alipo amene amanena kuti mwana akadya mazira adzadwala khunyu kapena adzakhala wakuba. Ndadyetsa ana anga mazira, ndalangiza amayi osawerengeka kuchita chimodzimodzi, ndipo palibe zoterozo. Chokhacho choyenera kusamala n'chakuti pali ana ochepa amene thupi lawo silimayanjana ndi dzira kapena mtedza. Ngati sanalawepo, yambani ndi pang'ono, chimodzi pa nthawi, tsiku limene muli pakhomo. Mukaona zidzolo zotupa, milomo kapena zikope kutupa, kusanza kapena kubanika, thamangani naye kuchipatala.

Kusikelo timaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Musadzipanikize kuti zonsezi zilowe m'mbale ya m'mawa. Zikapezeka zitatu kapena zinayi m'mawa, zinazo zidzalowa pa nkhomaliro ndi mgonero. Ndipo kadzutsa si phala lokha. Mbatata yofiira mkati yophika n'kuikanya ndi nsinjiro, dzungu, futali wofewa, peyala lokanya ndi nthochi, zonsezi ndi chakudya cha m'mawa chokwanira. Mwana amene wadya phala lofanana m'mawa uliwonse kuyambira ali ndi miyezi 6 ali ndi ufulu wotopa nalo.

Mwati amalanda sipuni. Musiyeni nayo, inu mutenge ina. Pa msinkhu umenewu manja amafuna ntchito, ndipo mwana amene manja ake atanganidwa matako ake amakhazikika. Muikireni patsogolo tizidutswa tofewa totalika ngati chala chanu: nthochi yakupsa, papaya, peyala, mbatata yophika yoti mukaifinya ndi zala ziwiri iphwanyike. Iye akulimbana ndi kanthochi koterera, inu mukulowetsa sipuni ya phala pakati pake. Adzadzipaka kumaso, m'tsitsi, ngakhale m'makutu. Muvuleni malaya, muyale chitenje chakale pamkeka, ndipo inuyo muvale zakuntchito akamaliza kudya, osati asanayambe. Ndinaphunzira zimenezi mochedwa, nditapita kuntchito kangapo ndi mapu a phala pa yunifolomu yoyera.

Kumutsatira ndi mbale kuja lekani lero. Kwa iye amenewo ndi masewera okoma kwambiri: akakwawa, amayi akubwera m'mbuyo. Waphunziranso kuti palibe chifukwa chokhalira pansi poti chakudya chili ndi miyendo. Koma choopsa chenicheni n'chakuti mwana amene akukwawa kapena kuseka chakudya chili m'kamwa savuta kutsamwa. Akadzuka muyamwitseni, kenako mumusiye akwawe, agwetse zogwetsa, kwa mphindi 40 kapena ola, inu mukuphika ndi kusamba. Njala ikayamba kumugwira, musambitseni m'manja ndi sopo, nanunso musambe, mumukhazike pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, msana uli chilili, inu mukhale moyang'anizana naye ndi mbale yanu. Ana amadya poonera. Akatsetsereka, mubwezeni kamodzi kapena kawiri mosakalipa. Akachokanso kachitatu, kapena akayamba kutseka pakamwa ndi kukankha sipuni, chotsani mbale osanena zambiri. Mphindi 15 kapena 20 zakwana. Masiku atatu oyambirira adzadya pang'ono ndipo mtima udzakupwetekani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakutha sabata ambiri amakhala atazindikira kuti chakudya chimapezeka pamkeka.

Foni ndi TV musazilowetsepo. Zimagwiradi ntchito, mwana amangoti kukamwa yasa maso ali pa katuni, koma sadziwa kuti akudya, samva kuti wakhuta, ndipo pakapita miyezi iwiri sadzalola kudya popanda foni. Tsiku limene magetsi azima foni ilibe moto mudzaona zakuda.

Tibwere kwa apongozi anu. Musawanyoze. Analera ana pa nthawi imene mwana wokana kudya amatha kumwalira, ndipo kumumwetsa phala mokakamiza inali njira yawo yomenyera moyo wa mwana. Cholinga chawo ndi chanu n'chimodzi. Koma njirayo ndi yoopsa, ndipo pamenepa sindinyengerera. Mwana akapanidwa miyendo, mutu chagada, phala likuthiridwa ndi chikhatho iye akulira, nthawi iliyonse imene akukoka mpweya kuti alire phala lingalowere njira ya mpweya n'kukafika m'mapapo. Ndinalandirapo mwana wa miyezi 10 amene anafika akupuma movutikira, thupi lili moto, patangopita tsiku limodzi atamwetsedwa phala chotere atamutsina mphuno. Chinali chibayo. Anachira, koma anagona m'chipatala masiku angapo, ndipo atatuluka ankalira akangoona mbale. Kuwonjezera apo, kuti phala limwetsedwe ndi dzanja liyenera kukhala lamadzi, lomwe lija tanena kuti mulibe kanthu.

Mmene mungawafikire ndi nkhani ina. Mawu akuti "anamwino akuti mukulakwitsa" adzangoutsa mapiri pachigwa. Apempheni bambo a mwanayo kuti ayankhule ndi mayi awo, kapena tsiku la sikelo muwatenge agogowo akamve okha, aonenso mzere wa mdzukulu wawo ukukwera. Ndipo apatseni gawo lawo. Kadzutsa wa mwana ameneyu mungamugawe pawiri: zochepa zimene angadye ndi inu cha m'ma 6 koloko, kenako china ndi agogo cha m'ma 9 kapena 10, atasewera mpaka njala yeniyeni kumugwira. Ana ambiri ojijirika amadya bwino ulendo wachiwiriwu kuposa woyamba. Agogo ali ndi chinthu chimene inu mulibe m'mawa, nthawi, ndiponso nyimbo zonyengerera mwana amazidziwa kuposa ife. Phala lachiwirilo likhale lophika kumene kapena losungidwa lotentha m'fulasiki. Limene lakhala pambale maola oposa awiri, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala, ndiponso limene munalowa kale sipuni ya m'kamwa mwake, musamupatsenso. Kutsegula m'mimba kwambiri kumene timanamizira mano kumachokera m'mbale zoterezi.

Kukamba za kuphika, mbaula ndi mwana wokwawa siziyenderana. Ana opsa ndi phala kapena madzi a tiyi amene ndawaona ambiri ndi a msinkhu womwewu, ndipo zimachitika m'mawa pamene aliyense ali pa liwiro. Poto wophula musamuike pansi, ndipo phala mulilawe kaye nokha mutalitakasa, chifukwa pamwamba limazizira pansi likadali moto.

Pali zina zimene zimalowa m'kamwa mwa mwana m'mawa n'kumutsekera njala. Choyamba ndi tiyi. Pakhomo pakamwedwa tiyi, mwana amapatsidwako ndi kachidutswa ka buledi kapena mandasi, ndiye aliyense n'kumati wadya. Tiyi alibe chomanga thupi, ndipo amalepheretsa thupi kutenga ayironi m'chakudya. Zakumwa zotsekemera zosungunula ndi madzi, mafilizi, majigisi ndi mabisiketi nazonso zimadzaza kamimba kaja ndi kuzoloweretsa lilime shuga ndi mchere, moti phala limayamba kumveka lozizira. M'phala lake shuga sakufunika, nthochi yokanya imatsekemeretsa mokwanira, ndipo mchere ukhale wongowaza kapena osathira n'komwe. Uchi musamupatse asanakwanitse chaka, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Mkaka wa ng'ombe mungathire pang'ono m'phala pophika, koma usalowe m'malo mwa bere ngati chakumwa asanafike chaka. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, mbuluuli ndi maswiti olimba zikhale kutali, zimatsamwitsa.

Bere musachepetse poganiza kuti ndiye adzadya phala lambiri. Pa miyezi 6 mpaka 12 mkaka wa m'mawere umatha kupereka theka la mphamvu zimene mwana amafuna kapena kuposerapo, ndipo m'chaka chachiwiri umaperekabe pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Muyamwitseni m'mawa, mukaweruka ndi usiku, mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Chimene tikusintha ndi mpata wa pakati pa bere ndi mbale basi.

Muwadziwitsenso agogo kusiyana kwa kutsamwa ndi kuchita ngati akufuna kusanza. Mwana wophunzira kutafuna nthawi zina amatulutsa lilime, kufiira kumaso, kutsokomola, chakudya n'kubwerera chokha. Ameneyo musiyeni, ndipo musapise chala kukhosi chifukwa mungakankhire chakudyacho mkati. Wotsamwa zenizeni satulutsa mawu, salira, satsokomola, milomo imayamba kuda. Mugonekeni chafufumimba pamkono panu mutu uli chotsika, mumenyeni ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu. Zikakanika mutembenuzeni chagada, mukanikize ndi zala ziwiri pakati pa chifuwa kasanu, n'kubwereza, wina akufuna galimoto. Mukadzapita kusikelo mudzawapemphe anamwino akuonetseni ndi chidole, chifukwa zimenezi manja ndi amene ayenera kuzidziwa.

Nanga ndi liti pamene kukana chakudya kumasiya kukhala khalidwe la msinkhu n'kukhala matenda? Ngati sikelo yaima miyezi iwiri yotsatizana kapena yatsika, musadikire mwezi wina. Ngati mwana wojijirikayu wangofooka mwadzidzidzi, akugona kwambiri, akukana ngakhale bere, akusanza chilichonse, wakomoka, watentha thupi, akupuma mothamanga kapena akutsegula m'mimba, pitani tsiku lomwelo, usiku ngakhale, ndipo akamuyeze malungo. Yang'anani zikhatho zake ndi mkati mwa zikope: zikayera, magazi achepa. Mapazi onse awiri akatupa moti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje, kumeneko si kunenepa, ndi kunyentchera koopsa. Suzumiraninso m'kamwa. Zoyera ngati mkaka wogona pa lilime ndi m'masaya zimene sizichoka mukapukuta, kapena tizilonda, zimapangitsa mwana kukana sipuni chifukwa cha ululu, ndipo mankhwala ake alipo. Mano akamamera usinini umatupa ndipo amatha kudya mochepa masiku awiri kapena atatu, koma mano sabweretsa kutentha thupi kwambiri kapena kutsegula m'mimba kosalekeza.

Kusikelo amayezanso mkono ndi kalamba ka mitundu itatu kaja. Kakagwa pobiriwira ali bwino, pachikasu, pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5, akufunika thandizo, pofiira pansi pa 11.5 amayambitsidwa chiponde. Muwapemphe amuyezenso msinkhu, chifukwa vuto lalikulu la ana kuno kwathu ndi kupinimbira, kumene sikuoneka ndi maso. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali aafupi poyerekeza ndi zaka zawo, ndipo ambiri mwa iwo amakhala akusewera bwinobwino, mimba zili zodzaza phala lamadzi. Mankhwala ogula m'sitolo oti amatsegula chilakolako cha chakudya musamugulire popanda dokotala, ena amangomugonetsa tulo. Mwezi wamawa akukwanitsa chaka, ndiye mukafunse za vitamini A amene amalandira miyezi 6 iliyonse ndi mankhwala a njoka za m'mimba amene amayamba pa msinkhu umenewo. Kwa masiku atatu musanapite, lembani pakapepala zonse zimene wadya kuyambira m'mawa mpaka usiku, kuphatikizapo zimene agogo amupatsa inu kulibe, ndipo kapepalako mukakatenge limodzi ndi buku lake.